Giya imodzi pa njinga ya kumapiri: njira iti yokungira tcheni, ndipo mano akhale angati?

Njinga yanga yoyamba ya kumapiri ndinaigula yakale, mwa zija zimabwera m'makontena kuchokera kunja. Inali ndi magiya 21, atatu kutsogolo ndi 7 kumbuyo, koma ogwira bwino sankakwana asanu. Tsiku lina m'dzinja, ndikudutsa kanjira ka m'munda, kamtengo kanalowa mu derailleur, kachipangizo kolendewera kumbuyo kaja kamene kamasamutsa tcheni, n'kukapindira m'masipoko. Wokonza njinga amene ndinam'peza pansi pa mtengo wa mango pamsika anachita zimene ambiri amachita. Anachotsa kachipangizoko, anadula tcheni, n'kuchikoleka pa giya yapakati. Ndinapalasa makilomita angapo mtima uli m'malo. Pa chitunda choyamba chenicheni tcheni chinakwera chokha pa giya yokulirapo ya pambali pake, chinakungika ngati uta, gudumu linangoti gwa, ndipo ekiselo inapindika.

Apo m'pamene ndinaphunzira kuti kuchotsa magiya si ntchito. Ntchito ili pa tcheni. Derailleur imagwira ntchito ziwiri, kusintha magiya ndi kukoka tcheni kuti chisalendewere, ndipo mukaichotsa ntchito yachiwiriyi imasowa mwini. Njira zonse zomangira njinga ya giya imodzi zikuyankha funso limodzi lomwelo: tcheni chikungidwa ndi chiyani, lero komanso pakatha miyezi itatu chitatalika?

Ife giya imodzi si yachilendo. Akabaza amanyamula anthu ndi matumba a chimanga pa giya imodzi tsiku ndi tsiku. Ngakhale masewera opalasa m'mapiri anayambira pomwepo. M'zaka za m'ma 1970, anyamata a ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, ankatola njinga zakale zolemera za Schwinn n'kumatsetsereka nazo m'misewu yafumbi ya m'mapiri. Mpikisano wawo wa Repack unayamba mu 1976, ndipo dzinalo, lotanthauza kuikanso gilizi, linabwera chifukwa buleki ya m'habu inkatentha mpaka gilizi kupsa, moti akafika pansi ankayenera kuikamo wina. Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly anali m'gulu limeneli. Magiya ambiri anadzabwera pambuyo, ndipo anathandizadi. Koma pali anthu amene anabwerera dala ku giya imodzi, mpaka pali mpikisano wa dziko lonse wa njinga zotere, umene mu 2012 unachitikira ku South Africa, ndipo wopambana mphoto yake ndi kudindidwa chizindikiro pakhungu. Chimene chimawakoka ndi chomwe chinandikoka ine: njinga yopanda phokoso, yopepukirapo, yopanda chopindika ikagwa, imene matope a makande saiimitsa.

Yambani mwagwada kumbuyo kwa njinga

Musanagule kanthu kalikonse, chotsani gudumu lakumbuyo muone mipata iwiri ya felemu imene ekiselo imalowamo. Pachingerezi amati ma dropout. Ngati mipatayo ndi yaitali ndipo yagona chopingasa, moti gudumu lingathe kusendera kutsogolo ndi kumbuyo, muli ndi mwayi. Ngati ndi yaifupi, yoyang'ana pansi, gudumu n'kumangokhala pamalo amodzi, ndiye kuti tcheni chifunika thandizo lina. Njinga zambiri za kumapiri zopangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990 zili ndi mipata yoyang'ana pansi. Zakale kwambiri zachitsulo, ndi zina zotsika mtengo, zili ndi mipata yopendekera kutsogolo yokhala ndi kamalo kosunthira. Ngakhale sentimita imodzi ndi theka ndi chuma.

Chifukwa chake ndi masamu a tcheni. Kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake pali theka la inchi, kapena kuti mamilimita 12.7. Tcheni wamba chimadulidwa malinki awiriawiri, lamkati ndi lakunja, ndiye mukachotsa kamodzi mwachotsa inchi yathunthu, ndipo ekiselo iyenera kusendera kutsogolo ndi pafupifupi mamilimita 13. Mpata umene ukulola kusuntha kotereku ungalandire giya iliyonse imene mungafune.

Felemu ya mipata yopingasa

Iyi ndiye njira yoyera kuposa zonse, ndipo aliyense amene anakonzapo njinga ya kabaza amaidziwa: kokerani gudumu kumbuyo, liongoleni pakati, mangani manati. Palibe chowonjezera, palibe cholendewera. Tcheni chikatalika mumangomasula n'kukokanso.

Ili ndi zovuta zake ziwiri zimene anthu sanena. Choyamba, pa giya imodzi munthu amaponda mwamphamvu kwambiri pachitunda, ndipo mphamvu yonseyo imakokera ekiselo kutsogolo mbali ya tcheni. Kachitsulo kotsekera ndi dzanja kaja, ka quick release, makamaka kopepuka ka aluminiyamu, kamaterereka, tayala n'kuyamba kukhula felemu. Ikani ekiselo ya manati, kapena onjezerani timabawuti tokokera tcheni tonga timene timakhala pa njinga za akabaza. Chachiwiri ndi mabuleki. Gudumu likasuntha, rimu yasunthanso, ndiye mabuleki a V afunika kuwakonzanso kuti asakhudze tayala. Pa mabuleki a disiki nkhani imakula, chifukwa chogwirira disiki chiyenera kutsatira gudumu, ndipo si felemu iliyonse imene imalola zimenezo. Komabe ndikapeza felemu yachitsulo ya mipata yotere pamsika, yosang'aluka, sindiisiya.

Chokokera tcheni

Ambiri mwa ife felemu zathu ndi za mipata yoyang'ana pansi, ndipo yankho lake loona mtima ndi tensioner, kamkono kokhala ndi kagudumu kamene kamamangidwa pamene panali derailleur. Kampani ya Surly ya ku Minnesota inatchuka nako kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kachipangizo kake kotchedwa Singleator, ndipo lero makampani ambiri amapanga tofanana nako. Tina tili ndi sipuling'i, tina mumangokankha n'kumanga bawuti. Pa njira za miyala ine ndimakonda topanda sipuling'i, kapena ta sipuling'i yolimba tokankhira tcheni m'mwamba, chifukwa tcheni chikakankhidwira m'mwamba chimakumbatira mano ambiri a giya ya kumbuyo ndipo sichidumpha mukaimirira pa mapedulo. Kokokera pansi kamachepetsa mano ogwira. Kusiyanaku kumaoneka kochepa njinga ili pakhonde, koma pachitunda tcheni chikalumpha dzino limodzi bondo limakamenya handulo.

Ngati tensioner simukuipeza, derailleur yakale imagwira ntchitoyi, bola isakhale yopindika. Mangani kasikuluwu kake koletsa mpaka tigudumu take tiime ndendende pansi pa giya imene mwasankha. Kasikuluwuko kakaperewera, pisani kachidutswa ka kebulo yakale n'kukamanga pomwepo kuti kaigwire. Kenako fupikitsani tcheni mmene mungathere. Siioneka bwino ngati njira zinazo, ndipo yasiyabe chinthu cholendewera chimene chitsa chingakole. Koma ndi yaulere, ndipo imakupatsani mwayi woyesa magiya osiyanasiyana musanawononge ndalama.

Pali malo awiri pamene nkhani ya tensioner si yokambirana. Njinga yokhala ndi sipuling'i kumbuyo, imene felemu yake imapindika pakati, iyenera kukhala ndi tensioner ya sipuling'i basi, chifukwa mtunda wa pakati pa magiya awiriwo umasintha nthawi iliyonse gudumu likagunda mwala. Mukakunga tcheni popanda chotere, chidzaduka kapena chidzathyola china. Ndipo njinga ya buleki ya pa pedulo, yopondera kumbuyo ija, siifuna tensioner ngakhale pang'ono. Mukaponda kumbuyo mphamvu imadutsa m'tcheni cha pansi, kamkono kaja kamapindika, buleki osagwira. Pamenepa pali moyo wa munthu.

Kusaka giya yongokwanira

Njira yachitatu imakopa anthu chifukwa njinga imaoneka yoyera ngati ya mipata yopingasa pomwe felemu ndi wamba. Mumasaka mano a kutsogolo ndi a kumbuyo amene, mwamwayi, amapangitsa tcheni kukwanira ndendende popanda chokokera. Okwera a kunja amaitcha magic gear. Mulibe matsenga, ndi masamu omwe aja. Dzino limodzi lowonjezera, kutsogolo kapena kumbuyo, limadya tcheni ngati kuti mwakokera ekiselo kumbuyo ndi mamilimita atatu. Mano anayi ndiye inchi yathunthu ya tcheni. Choncho ngati pa mano 32 kutsogolo ndi 16 kumbuyo tcheni chikulendewera pang'ono, 32 ndi 17 zikhoza kukwanira. Palinso linki yapadera yotchedwa half link, yopapatiza mbali imodzi n'kutambasuka mbali inayo, imene imalola kuwonjezera theka la inchi m'malo mwa inchi yonse.

Ndinayesapo, ndipo milungu yoyamba ndinkainyadira. Koma tcheni sichikhala msinkhu umodzi. Mapini ndi mabowo ake amadyeka, ndipo m'fumbi la mwezi wa Okutobala amadyeka msanga. Chimene chinali chokwanira chimayamba kugwedera, ndipo mulibe pokokera. Vuto lina ndi lakuti felemu ndi imene ikukusankhirani giya, osati miyendo yanu kapena mapiri a kwanu. Anthu ena amapala mipata ya felemu ndi tupa kuti apeze mamilimita awiri kapena atatu. Pa felemu yachitsulo ya mipata yochindikala, mmisiri wosamala angathe. Pa aluminiyamu musayerekeze. Ine njira imeneyi ndimaiona ngati mphatso: ikapezeka pa giya imene mumaifuna kale, landirani, koma sungani tensioner m'thumba la zida.

Ndipo chija anachita mmisiri wa pansi pa mango si njira imeneyi ayi. Iye anasiya magiya onse 7 pamalo pake. Mano a magiya amenewo ndi aafupi, osemedwa dala kuti tcheni chizichokapo mosavuta. Chikagwedera chimagwera pa giya yaing'ono, chikakwera pa yaikulu chimathyola zinthu. N'zothandiza kuti mukafike kunyumba, mukupalasa mofatsa. Si zoti n'kukhala nazo.

Njira za ndalama zambiri

Felemu zopangidwira giya imodzi masiku ano zimabwera ndi nzeru zina. Pali za mipata yotsetsereka, pamene kachitsulo konyamula ekiselo ndi buleki ya disiki kamasuntha konse pamodzi n'kumangidwa ndi mabawuti. Imeneyi ndiye imathetsa mkangano wa disiki uja, ndipo mwa njira zodula ndi imene ndingasankhe. Pali za eccentric bottom bracket, nzeru yobwerekedwa ku njinga zokwera anthu awiri: ekiselo ya mapedulo imakhala m'chibulumwa chozungulira koma osati pakati pake, ndiye mukachitembenuza mapedulo amasendera kutsogolo n'kukunga tcheni. Gudumu lakumbuyo silikhudzidwa, koma kutalika kwa chishalo kumasintha pang'ono, ndipo fumbi likalowa chimayamba kulira kwiii pa kuponda kulikonse mpaka muchitsuke. Kampani ya White Industries ya ku California imapanga habu yotchedwa ENO imene imachita zomwezo kumbuyo, moti imakunga tcheni pa felemu wamba, koma mtengo wake ukhoza kuposa wa njinga yonse yakale. Palinso lamba wa Gates m'malo mwa tcheni. Safuna oyilo ndipo sachita dzimbiri, koma sadulidwa n'kulumikizidwa, ndiye amafuna felemu yotseguka mbali imodzi, ndipo akaduka muli ku Nyika palibe golosale imene mungam'peze. Amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain, kumene zinthuzi zimapezeka ngakhale zogwiritsidwapo kale ntchito, angaziganizire. Kwa amene zipangizo amagula pamsika wa kwawo, ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku matayala abwino.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangotenga njinga ya kabaza, kapena Buffalo ija ya bungwe la World Bicycle Relief, n'kulowa nayo m'phiri? Buffalo ndi njinga yolimba zedi, kaliyala yake inapangidwa kuti inyamule makilogalamu 100, ndipo pa ntchito yake ndimaipatsa ulemu. Koma imalemera makilogalamu oposa 20, giya yake ndi ya msewu, ndipo potsetsereka pataliatali buleki ya m'habu imatentha, monga anaonera anyamata a ku Repack aja. Inapangidwira katundu, osati miyala ya pa Michiru.

Gudumu lakumbuyo: filiwiro kapena cassette

Apa m'pamene ntchito yeniyeni ya manja ili. Magiya a kumbuyo amamangidwa m'njira ziwiri, ndipo muyenera kudziwa yanu.

Njinga zambiri zotsika mtengo za magiya 6 kapena 7 kumbuyo zili ndi filiwiro yopotera pa mazinga a habu. Nkhani yabwino ndi yakuti mazinga amenewo ndi ofanana ndi a filiwiro ya giya imodzi imene imagulitsidwa pa msika uliwonse, ya mano 16, 18 kapena 20. Mumachotsa yakaleyo n'kupotera yatsopano. Koma ikakhala pamenepo imakhala mkati kwambiri, kufupi ndi masipoko, osayang'anizana ndi giya ya kutsogolo. Mmisiri wodziwa amasamutsa mawashala a pa ekiselo kuchoka kumanja kupita kumanzere kuti habu isendere kumanja, kenako amakonzanso masipoko kuti rimu ibwerere pakati pa felemu. Ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, ndipo phindu lake ndi lalikulu: masipoko a mbali zonse amakhala okungika mofanana, gudumu n'kukhala lolimba kuposa mmene linalili, ndipo ekiselo siipindikapindika. Chofooka ndi filiwiro yotchipayo. Madzi ndi mchenga zimalowa mosavuta, ndipo tsiku lina mudzaponda mapedulo n'kungozungulira osagwira. Muziidonthezera oyilo pa kampata kake mutagoneka njinga, ndipo muziisintha ikayamba kulira mwachilendo.

Njinga zabwinopo zili ndi cassette, magiya olowetsedwa pa chitsulo cha mizere chimene ndi mbali ya habu. Apa zinthu n'zosavuta. Mumachotsa magiya onse, n'kuikapo imodzi, ndipo malo otsalawo mumadzaza ndi timikombero totalikitsa. Timikombero ta m'ma cassette akale awiri timakwanira, ndipo ena amadula paipi ya pulasitiki ya saizi yoyenera, bola idulidwe mowongoka. Ubwino wake ndi wakuti giyayo mumaiika paliponse pamene mzere wa tcheni ukufuna, osakhudza sipoko ngakhale imodzi. Giya yake gulani yopangidwira ntchitoyi, ya mano ataliatali ndi tsinde lotambasuka. Yochotsa mu cassette ndi yopyapyala, imadya chitsulo cha habu ngati ndi cha aluminiyamu, ndipo mano ake aafupi aja amataya tcheni.

Pa ziwirizi, cassette ndi yosavuta kukonza, filiwiro ndi yosavuta kupeza. Musasinthe gudumu chifukwa cha zimenezi. Gwiritsani ntchito limene muli nalo.

Mzere wa tcheni ndi umene umasiyanitsa njinga yodalirika ndi yovutitsa. Imani kumbuyo kwa njinga, tsinzinani diso limodzi, muyang'ane tcheni kuchokera ku giya ya kumbuyo mpaka ya kutsogolo. Chikhale chowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba. Kuti mutsimikize, yezani ndi rula kuchokera pakati pa felemu kufika pa mano a kutsogolo. Pa njinga zambiri za magiya atatu, giya yapakati imakhala pa mamilimita 47 mpaka 50. Kumbuyo, felemu zambiri zakale ndi zotambasuka mamilimita 135, ndiye pakati pake ndi 67.5. Chotsanipo 50, mupeza kuti mano a kumbuyo ayenera kukhala pafupifupi mamilimita 17 kuchokera m'kati mwa mpata wa kumanja. Mukaphonya ndi milimita imodzi kapena awiri palibe vuto. Mukaphonya ndi asanu, tcheni chidzakuuzani.

Kutsogolo, ngati magiya atatu aja ndi omanga ndi mabawuti, chotsani yaikulu ndi yaing'ono, musiye yapakati. Mabawuti adzatalika, ndiye ikani mawashala kapena pezani aafupi. Ngati ndi okhomerera, osachotseka, asiyeni onse mugwiritse ntchito yapakatiyo. Za tcheni chenichenicho, pali chachikulu cha 1/8 ya inchi, chija cha njinga za akabaza, ndi chopyapyala cha 3/32 cha njinga za magiya 6 mpaka 8. Chachikulu chimakwera pa mano opyapyala, koma chopyapyala sichilowa pa mano a filiwiro yochindikala. Mukagula filiwiro ya pamsika, gulaninso tcheni chachikulu. Anthu amaganiza kuti chachikulu ndiye cholimba nthawi zonse, koma tcheni chabwino cha magiya 8 chimaposa chachikulu chotchipa. Pokunga, pezani kaye pamene chimathina kwambiri pozunguza mapedulo, chifukwa palibe giya yozungulira ndendende, ndipo pamenepo chizitha kusewera m'mwamba ndi pansi pafupifupi sentimita imodzi. Chothina kwambiri chimapha mabelingi.

Mano angati?

Ili ndi funso limene mudzakhala nalo tsiku lililonse, chifukwa palibe kabatani kokupulumutsani. Poyambira pa anthu ambiri ndi 32 kutsogolo ndi 16 kumbuyo pa gudumu la mainchi 26, kutanthauza kuti mapedulo akazungulira kamodzi gudumu lazungulira kawiri, ndipo njinga yayenda mamita anayi ndi pang'ono. Gudumu la mainchi 29 ndi lalikulu, limayenda pafupifupi mamita 2.3 likazungulira kamodzi, ndiye kuti mupeze kulemera komweko pamafunika 32 ndi 18. Yerekezani ndi njinga ya kabaza, imene kawirikawiri imakhala ndi mano 44 kapena 46 kutsogolo ndi 18 kapena 20 kumbuyo pa gudumu la mainchi 28: imeneyo imayenda mamita asanu kapena kuposerapo. N'chifukwa chake akabaza amatsika n'kukankha pa zitunda zimene njinga ya kumapiri ya giya imodzi imakwera.

Malangizo anga ndi akuti yambani ndi yopepuka kuposa imene mtima ukufuna. Pa gudumu la 26, ikani 32 ndi 18. Pa la 29, ikani 32 ndi 20. Zonsezi zimayenda pafupifupi mamita 3.7. Kwa wokhala ku Zomba, amene Loweruka lililonse amafuna kukwera msewu wa ku Ku Chawe n'kukalowa m'njira za m'nkhalango pamwamba, kapena wa ku Dedza ndi ku Mulanje, mano awiri owonjezerawo ndi amene amasiyanitsa kupalasa ndi kukankha. Wa ku Lilongwe, amene ayenera kudutsa mtunda wautali wathyathyathya asanafike ku Dzalanyama, angakonde 32 ndi 16. Koma adziwe mtengo wake wa giya imodzi pamalo athyathyathya: ngakhale pa 32 ndi 16, mapedulo akamazungulira ka 90 pa mphindi, liwiro limangofika makilomita 22 pa ola. Anzanu a magiya adzakusiyani pa tala. Zimenezo palibe mankhwala ake, ndipo amene ulendo wake wambiri ndi wa pamsewu waukulu ayenera kuganiza kawiri asanachotse magiya.

Giya yolemera imaononga mawondo mwakachetechete. Ngati muli kale ndi vuto la bondo kapena la msana, kapena njinga yomweyo ndi imene mumanyamulira katundu, ine ndingakuuzeni kuti konzani magiya anu, musawachotse. Palinso njira yapakati imene anthu amaiiwala: kusiya giya imodzi kutsogolo ndi magiya onse kumbuyo. Mwachotsa theka la mavuto koma zitunda zikadali zanu.

Zotsala pa njinga, ndi kapalasidwe kake

Mahandulo akhale otambasuka. Pa giya imodzi chitunda chimakweredwa choimirira, manja akukoka pamene mwendo ukuponda, ndipo handulo yaifupi ya njinga zakale siipereka mphamvu imeneyo. Foloko ya sipuling'i yotchipa, yolemera, yongodumphadumpha, imadya mphamvu yanu nthawi iliyonse mukaimirira. Foloko yachitsulo yopanda sipuling'i, yotalika mofanana ndi imene mwachotsayo, pamodzi ndi tayala lalikulu losapopa kwambiri, imakwera bwino ndipo siifuna kukonza. Ngati muli ndi foloko yabwino yokhala ndi chotsekera sipuling'i kuti isamadumphe, isungeni. Mabuleki akhale awiri, onse ogwira. Pa kukula kwa gudumu, 29 imagudubuzika bwino pa miyala ndipo imasunga liwiro, chimene giya imodzi imachifuna kwambiri, koma tayala ndi chubu za 26 ndi zimene ndimazipeza ngakhale pa misika ing'onoing'ono, ndipo pa ulendo wakutali zimenezo kwa ine n'zofunika kuposa ubwino wa 29.

Kapalasidwe kamasintha kokha m'milungu iwiri yoyamba. Mumayamba kuona chitunda chikadali patali n'kuchithamangira, chifukwa liwiro limene mwalowa nalo ndilo giya yanu yachiwiri. Mumasiya kugwira buleki pachabe pokhota. Pokwera choimirira pa dothi lotayirira, thupi likapita kutsogolo kwambiri tayala lakumbuyo limapala pansi, ndiye mumaphunzira kusiya chiuno chapafupi ndi chishalo n'kumaponda mosalala, osati modzidzimutsa. Pamene patsika pang'ono mumapuma, osathamangitsa mapedulo opanda kanthu. Ndipo pena mumatsika n'kukankha. Palibe manyazi pamenepo. Pa chitunda choimirira kwambiri, woyenda pansi ndi wopalasa giya yopepukitsitsa amafika pamwamba mosasiyana kwenikweni.

Njinga ija inapindika ekiselo ndikadali nayo. Mipata yake ndi yoyang'ana pansi, habu yake ndi ya mazinga. Mmisiri wina, wodekha, anasamutsa mawashala n'kukonzanso masipoko, tinaika filiwiro ya mano 18 ndi tcheni chachikulu, ndipo chokokera tcheni ndinachita kuitanitsa kwa mnzanga wobwera kuchokera ku South Africa. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimaika rula pa tcheni. Pa tcheni chatsopano, kuchokera pa pini yoyamba kufika pa pini ya 25 pamakwana mainchi 12 ndendende, ndipo pakapitirira ndi mamilimita atatu ndimagula china filiwiro isanadyeke. M'thumba la pansi pa chishalo mumakhala sipanala ya 15, chodulira tcheni, malinki anayi otsala, chubu ndi zigamba.